Kujambula mithunzi ndi makoma a m'tauni: dzuwa, kamera ndi foni

Woyang'anira gulu:
Moni nonse. Mutu wa sabata ino ndi zithunzi za m'tauni zimene sizionetsa nyumba yonse koma kachigawo chabe: mzere wa mthunzi wodula khoma, masitepe, mazenera ondondozana, nsanamira za khonde. Woona ayambe wagwidwa ndi maonekedwewo asanafunse kuti pamenepa ndi pati. Zambiri zimene mwatumiza mwezi uno wa Juni zikudwala matenda ofanana. Mithunzi ndi yotuwa, makoma ndi opendekeka, ndipo zinthu zachuluka m'chithunzi chimodzi. Amene mukudziwa tithandizeni, koma mutipatse manambala ndi njira yake, osati kungoti jambulani m'mawa.

Wojambula mapulani a nyumba, Lilongwe:
Zikomo akulu. Ine ndiyambire pa dzuwa, chifukwa kamera imabwera pambuyo. Mavidiyo ambiri ophunzitsa kujambula amapangidwa ku Ulaya ndi ku America, kumene masana dzuwa limakhala kumwera. Kuno ndi zosiyana. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator, Blantyre pafupifupi 16, Mzuzu 11 ndi theka. Mwezi uno masana dzuwa lili kumpoto, ndipo ku Lilongwe limakwera kufika madigiri pafupifupi 53 basi. Ndiye khoma loyang'ana kumpoto ndi limene likudya dzuwa pafupifupi tsiku lonse, pamene loyang'ana kumwera lili mumthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukaima kutsogolo kwa khoma loyang'ana kumwera mu Juni n'kumadikira kuti mthunzi wokongola ubwera, mudzangotaya tsiku.

Kutalika kwa mthunzi kumawerengeka. Dzuwa likakhala pa madigiri 45, mthunzi wa mzati umafanana ndi mzatiwo. Pa madigiri 30 umatalika pafupifupi 1.7 kuchulukitsa mzati, pa 20 umafika 2.7, pa 10 umapyola kasanu. Masana a Juni ku Lilongwe mzati wa mamita 4 umaponya mthunzi wa pafupifupi mamita atatu, kulunjika kumwera.

Koma pa khoma masamu ake amatembenuka. Tengani kadenga kakang'ono ka konkire kotuluka masentimita 50 pamwamba pa zenera la khoma loyang'ana kumpoto. Masana a Juni mthunzi wake umatsika masentimita pafupifupi 65 pakhomapo. Cha pa 23 Seputembala dzuwa lili pa madigiri 76, mthunzi womwewo umatsika mamita awiri, kuphimba zenera lonse. Nyumba ndi yomweyo, koma zithunzi ndi ziwiri zosafanana n'komwe.

Wa situdiyo ku Limbe:
Bambo anenetsa. Ndiwonjezere kuti kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka. Ku Lilongwe ndi cha kumapeto kwa Okutobala ndi cha pa 11 Febuluwale, ku Blantyre ndi sabata yoyamba ya Novembala ndi sabata yoyamba ya Febuluwale. Pakati pa masiku awiriwo dzuwa la masana limakhala kumwera, ndipo makoma aja oyang'ana kumwera amalandirako kuwala. Komanso musadikire 12 koloko. Wotchi yathu imayendera mzere wa madigiri 30 kum'mawa, koma Blantyre ali pa 35, choncho dzuwa limafika pachimake msanga. Kumayambiriro kwa Novembala ku Blantyre limakhala pamutu cha m'ma 11:25, ndipo mu Juni limafika pamwamba cha m'ma 11:40.

Mtsikana wa ku Chilomoni:
Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene. Ndinaphunzira kuti masana sajambula chifukwa kuwala kumakhala koipa. Nanga inu mukuwerengeranji nthawi ya masana?

Wa situdiyo ku Limbe:
Funso labwino, achemwali. Lamulo limenelo ndi la nkhope za anthu, chifukwa dzuwa la pamutu limadetsa maso ndi pansi pa mphuno. Pa khoma ndiye nthawi yabwino. Kuwala kukamabwera kuchokera pamwamba kumakwawa ndi khoma, ndipo kanjerwa kalikonse kotuluka pang'ono, mzere uliwonse wa simenti, pulasitala wokhakhala, zonse zimaponya timithunzi. Chimene chimapha chithunzi ndi dzuwa lowomba khoma molunjika kuchokera kumbuyo kwanu, chifukwa mithunzi yonse imabisala kuseri kwa zinthu zimene zaiponya.

Ndiye gwirani izi. Khoma loyang'ana kum'mawa, 7 koloko limakhala lowala koma losalala, lopanda kanthu. Bwererani cha m'ma 10:30 mpaka 11:15, dzuwa likutsala pang'ono kulisiya. Khoma loyang'ana kumadzulo, fikani dzuwa likangoyamba kuligwira, cha m'ma 12 mpaka 1 koloko. M'mawa kwambiri ndi madzulo ndi nthawi ya mithunzi ya pansi: ya mizati, ya mipanda, ya anthu pa msewu, mukaijambula muli pamwamba. Nthawi imeneyo kuno ndi yaifupi chifukwa dzuwa limakwera mofulumira, pafupifupi madigiri 14 pa ola. M'mawa mukachedwa ndi mphindi 40 mthunzi wafupika kale ndi theka.

Mphunzitsi wa sayansi ku Zomba:
Pali china chimene anthu amanamizira lenzi. Wina atumiza chithunzi cha mthunzi wa nyumba yosanja utagwera pa khoma la nyumba ina, m'mphepete mwake muli mbuu, n'kumati kamera sinafokase bwino. Si kamera ayi. Dzuwa si kadontho, lili ndi kukula kwake, pafupifupi theka la digiri kumwambaku. Choncho m'mphepete mwa mthunzi mumafewa molingana ndi mtunda wochokera pa chinthu choponya mthunziwo kufika pomwe wagwera. Gawani mtundawo ndi 110. Chitsulo cha pa zenera chimene chili masentimita 20 kuchokera pa khoma, kufewa kwake sikukwana mamilimita awiri, mzere umatuluka wakuthwa. Denga limene lili mamita 10 kuchokera pomwe mthunzi wagwera, kufewa kwake ndi pafupifupi masentimita 9. Pa mamita 30 kwayandikira masentimita 30. Mukafuna mzere wakuthwa, funani choponya mthunzi chimene chili pafupi ndi khoma, kapena imani patali kuti kufewako kuchepe m'chithunzi. Kukoka Sharpening sikungakonze zimenezi, kumangowonjezera kamzere koyera m'mbali.

Wa ku Ndirande:
Aphunzitsi mwatitsegula maso. Tsopano za mithunzi yotuwa ija. Kamera ikasiyidwa payokha imafuna kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, osati chakuda kapena choyera. Ikaona theka la chithunzi lili lakuda imawonjezera kuwala, mthunzi n'kutuwa, mbali ya dzuwa n'kupsa yoyera mbee yopanda njerwa yooneka. Mankhwala ake ndi kuyezera pa mbali yowala, mthunzi ugwe wokha.

Njira yachidule kukakhala dzuwa losaphimbidwa ndi mtambo: ikani pa M (pomwe mumasankha manambala nokha), ISO 100 (mphamvu ya kamera yomvera kuwala), f/8 (kukula kwa kabowo ka lenzi), shutter 1/400 (kagawo ka sekondi kamene kuwala kumalowa). Imeneyi ndi njira yodziwika yojambulira padzuwa ya f/16 pa 1/100 yomwe, yangosinthidwa. Khoma likakhala la njerwa zofiira kapena konkire wosapenta zimakwana. Likakhala la laimu kapena penti yoyera, kwezani kufika 1/800. Kenako musakhulupirire sikirini, padzuwa imanama. Onani histogram, kachithunzi konga mapiri koonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja: phiri la kumanja liyandikire malire koma lisawakhudze. Yatsaninso chenjezo lija lophethira pamalo opsa. Mthunzi wa panja nthawi zambiri umakhala masitopu atatu pansi pa mbali ya dzuwa (kutsika sitopu imodzi ndi kuchepa kwa kuwala ndi theka), wa mkati mwa khonde umapyola pamenepo, ndiye mukayezera bwino pa kuwala umada wokha osaukakamiza.

Amene mumakonda A kapena Av (pomwe kamera imasankha yokha shutter), tsitsani exposure compensation, chowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, kufika -1, nthawi zina -1.7 ngati mthunzi watenga malo ambiri. Vuto la njira imeneyi ndi loti mukangosuntha kamera pang'ono muyeso umasintha. Pa M dzuwa likapanda kusintha, manambala sasintha.

Mayi wa ku Area 47:
Ndiwonjezere pa spot metering, kuyezera kuwala pa kadontho kamodzi, chifukwa apa ambiri amasokonezeka. Mukaloza kadontho ka spot pa khoma loyera n'kusiya muyeso pa 0, khomalo lidzatuluka lotuwa, pakuti kamera imayesa chilichonse chimene mwailozera ngati chotuwa. Pa khoma loyera muyeso ukhale pakati pa +1.5 ndi +2. Pa njerwa zofiira zowombedwa ndi dzuwa, 0 ali bwino. Komanso musathamangire f/22 poganiza kuti zonse zikhala zakuthwa. Pa kamera za sensa yocheperako yotchedwa APS-C (sensa ndi kachipangizo kolandira kuwala m'kamera) kupyola f/11 chithunzi chimayamba kufewa chifukwa kabowo kachepa kwambiri, ndipo fumbi lonse la pa sensa limaonekera pa thambo ngati timadontho. Khoma ndi lathyathyathya, mukaima moyang'anizana nalo f/8 imakwana.

Mtsikana wa ku Chilomoni:
Nanga ife a foni? Ndilibe M kapena histogram.

Wa ku Ndirande:
Foni ndi imene imatuwitsa mithunzi kwambiri, mlongo, chifukwa cha HDR. Imajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza kuti pamdima paoneke. Pa chithunzi cha pa ukwati ndi zabwino, apa zikutichotsera chimene tikufuna. Ngati foni yanu imalola, zimitsani HDR. Kenako dinani pa mbali yowala ya khoma n'kugwiririra chala mpaka palembedwe kuti AE/AF lock (kuwala ndi fokasi zisasinthenso), mukatero tsitsani kachizindikiro ka dzuwa kaja mpaka njerwa za mbali yowala zioneke bwino ndipo mthunzi ude. Mafoni ambiri a Android ali ndi Pro mode, mmenemo mungaike ISO yotsikitsitsa ndi EV (exposure compensation ija) -1, ndipo kawirikawiri HDR siigwira ntchito mmenemo.

Yatsani grid, timizere ta pa sikirini tothandiza kuwongola chithunzi. Musakoke zoom ndi zala, gwiritsani manambala okhawo amene ali ndi lenzi yakeyake, monga 2x kapena 3x pa mafoni ena. Ija ya 0.5x isiyeni, imapotoza mizere ya m'mbali. Ndipo pukutani lenzi musanayambe. Mafuta a zala amamwaza kuwala, mthunzi n'kuoneka ngati muli utsi.

Wojambula mapulani a nyumba, Lilongwe:
Tibwere ku makoma opendekeka. Nyumba imaoneka ngati ikugwa chagada chifukwa mwaweramutsa kamera kuyang'ana m'mwamba. Sensa ikangosiya kuima chilili molingana ndi khoma, mizere yoimirira imayamba kukumana pamwamba. Zochita zilipo zingapo. Bwererani m'mbuyo, wolokani msewu, n'kugwiritsa lenzi yaitali, 50mm kapena 85mm kapena kupitirira, chifukwa mukakhala patali mumaweramutsa pang'ono. Kapena kwerani pamalo ofanana msinkhu ndi chimene mukujambula, monga masitepe a nyumba yoyang'anizana nayo. Kapena gwirani kamera mowongoka, jambulani ndi pansi pomwe, mudzadule pansipo pambuyo pake.

Kuwongola m'mapulogalamu okonzera zithunzi kumatheka: Transform mu Lightroom, Perspective mu Snapseed, rotate and perspective mu darktable imene ndi yaulere. Koma kumadya m'mbali mwa chithunzi, ndiye pojambula siyani malo owonjezera kuzungulira. Ndipo yambani mwayatsa lens correction. Lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera imatupitsa mizere pa 18mm, khoma lowongoka limaoneka ngati mimba ya mgolo, ndipo mukawongola kupendekeka musanachotse kutupako mizere siikhala bwino. Cha pa 30 mpaka 35mm kupotoza kwake kumachepa.

Maganizo anga ndi akuti kupendekeka pang'ono ndiko koipa. Madigiri awiri amaoneka ngati kulakwitsa. Ngati mwasankha kupendeketsa, imani patsinde penipeni pa nyumba n'kuloza kamera kumwamba, kapena potozani kamera kwambiri kuti aliyense aone kuti mwachitira dala. Wojambula Alexander Rodchenko ku Moscow m'zaka za m'ma 1920 ankajambula nyumba kuchokera pansi penipeni ndi pamwamba penipeni mwanjira imeneyi, ndipo palibe amene angayese kuti dzanja linamuterereka.

Mayi wa ku Area 47:
Za kuchuluka kwa zinthu. Mukakweza kamera, yambani mwayang'ana ngodya zinayi musanayang'ane pakati. Mawaya a magetsi, chikwangwani cha malonda, dishi ya TV, nthambi ya mtengo, zimalowera m'ngodya. Chilembo chimodzi chokha chikalowa, diso la munthu limathamangira kukachiwerenga n'kusiya mithunzi yanu. Werengani maonekedwe amene ali m'chithunzi. Akapyola atatu kapena anayi, yandikirani kapena talikitsani lenzi. Mzere wa mthunzi ukatulukira pangodya penipeni umakhala ndi mphamvu kuposa ukatulukira pafupi ndi ngodya, ndipo kusiyana kwake ndi phazi limodzi kumanzere kapena kumanja. Pa mazenera ondondozana, dzazani chithunzi chonse mpaka odulidwa m'mbali, koma pakhale limodzi losiyana, lotsegula kapena la nsalu ya mtundu wina, poti diso liime.

Wa ku Mzuzu:
Mayi, apa ndikutsutsaniko pang'ono. Zithunzi zopanda munthu zambiri zimafanana, ungayese zajambulidwa m'tauni iliyonse padziko lapansi. Munthu mmodzi wodutsa, mayi wosenza beseni kapena wa kabaza, amapereka msinkhu wa nyumba ndipo amauza woona kuti kuno ndi kwathu. Kachitidwe kake: konzani chithunzi chonse kaye, yezerani kuwala, fokasani pamalo pomwe munthu adzadutse, kenako dikirani. Shutter isatsike pa 1/500 kwa woyenda pansi, 1/1000 kwa wa njinga. Dinani miyendo ikatambasuka, chifukwa ikaphatikizana munthu amaoneka ngati mzati. Akadutsa mbali yowala kuseri kwake kuli mdima amaoneka yense, akadutsa mumthunzi kuseri kwake kuli kowala amasanduka chithunzithunzi chakuda, nkhope yosadziwika, zomwenso zimamusungira ulemu.

Mayi wa ku Area 47:
Achimwene, sindikukana munthu. Ndikukana kumuika kuti apulumutse chithunzi chofooka. Phimbani munthuyo ndi chala pa sikirini. Ngati chotsalacho chilibe mphamvu, chithunzi sichinapsebe. Komanso kwathu kumadziwika ndi zomangira zomwe: njerwa zootcha zosafanana kukula, malata, mabuloko oboola olowetsa mphepo, zitsulo za pa zenera zowotcherera mokhotakhota, magalasi osweka pamwamba pa mpanda. Zimenezo sizifuna munthu kuti zilankhule.

Wa situdiyo ku Limbe:
Nonse muli ndi mfundo. Poti mwatchula mabuloko oboola, amenewo amajambulika bwino muli mkati, osati kunja. Imani m'masitepe kapena m'khonde momwe dzuwa likulowera m'mabowomo, jambulani madontho a kuwala atagwera pansi kapena pa khoma lina. Yezerani pa madonthowo. Dzuwa liyenera kukhala lotsika ndi lolunjika mabowo, apo ayi kukhuthala kwa buloko kumatseka kuwala, n'chifukwa chake zimatheka kwa kanthawi kochepa patsiku.

Malo ophunzirira alipo ambiri. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, njerwa zake zinaumbidwa m'maonekedwe osiyanasiyana, ndipo kuwala kokwawa ndi khoma kumazionetsa zonse. Pitani ndi lenzi yaitali, mujambule kachigawo ka mita imodzi kapena awiri, osati tchalitchi chonse. Mandala House ya 1882 ili ndi makhonde a nsanamira zondondozana. Makhonde a masitolo akale ku Limbe ndi ku Old Town ya Lilongwe nawonso ali ndi mizere yokwanira munthu kuphunzirirapo chaka chonse.

Wojambula mapulani a nyumba, Lilongwe:
Ku City Centre kuli nyumba za m'zaka zoyamba Lilongwe atakhala likulu mu 1975, zambiri zili ndi timakoma ndi timadenga totchinga dzuwa pa mazenera. Zinamangidwa poganizira mthunzi, choncho mithunzi yake ndi yadongosolo. Likulu la Reserve Bank limakula pokwera m'mwamba, nsanja ya pamwamba kutuluka kuposa ya pansi pake, ndipo iliyonse imaphimba inzake. Koma apa ndichenjeze. Dziko lino lili ndi lamulo la Protected Places and Areas Act. Nyumba ya boma ya mtsogoleri wa dziko, malo a asilikali ndi ena otetezedwa si ojambulapo. Pa mabanki, ma embassy ndi maofesi a boma, pitani kaye kwa mlonda, mupatseni moni, muonetseni zithunzi za mtundu umenewu zimene zili m'kamera kuti amvetse kuti mukufuna khoma, ndipo akakana chokani. Munthu woloza lenzi yaitali pa zenera la ofesi amakayikitsa, mlondayo sakulakwa.

Mphunzitsi wa sayansi ku Zomba:
Nyengo nayo muiwerengere. Kuyambira Meyi mpaka Julayi mpweya umakhala woyera, thambo labuluu kwambiri, mithunzi yakuda bwino, kupatula masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi kuno ku Zomba pomwe mithunzi imasoweratu. Masiku amenewo jambulani mitundu ya penti ndi mizere ya nyumba, thambo lisalowe. Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimamwaza kuwala, thambo limayera, mithunzi imatuwa ngakhale muyezere bwino. Ndiponso kutentha kochokera pa tala ndi pa malata kumagwedeza mpweya, choncho mukajambula ndi 200mm chinthu chakutali masana, mizere imatuluka yokhotakhota. Palibe lenzi yochiza zimenezo, yandikirani kapena pitani m'mamawa. Musasinthe lenzi pa msewu miyezi imeneyi, fumbi limalowa pa sensa. Mvula ikagwa mpweya umatsukika, ndipo zithaphwi zimakupatsani nyumba yozondoka. Tsitsani kamera ifike pafupi ndi madzi, mufokase pa nyumba yooneka m'madzimo, osati pa madziwo.

Wa ku Johannesburg:
Moni kumudziko. Kuno tili pa madigiri 26, dzuwa silifika pamutu ngakhale mu Disembala, masana limakhala kumpoto chaka chonse, ndiye masiku a dzuwa la pamutu amene a ku Limbe atchula aja kuno sagwira. Chimene chachuluka kuno ndi nyumba za magalasi, ndiye ndinenepo za polariser, fyuluta yoika kutsogolo kwa lenzi. Imachotsa kunyezimira bwino mukaima mopendama ndi galasi, pafupifupi madigiri 35 kuchokera pa khoma la galasilo. Mukaima moyang'anizana nalo siichita kanthu. Pa chitsulo chosapenta, monga malata atsopano, siithandiza kwenikweni. Imadya kuwala kwa sitopu imodzi kapena ziwiri. Pa thambo imadetsa kwambiri mbali imene ili madigiri 90 kuchokera pa dzuwa, choncho ndi lenzi yotambalala thambo limatuluka lamawangamawanga, mbali ina yakuda ina yowala. Pa magalasi olimbitsidwa ndi moto imaonetsa timadontho ndi mizere imene maso saona. Koma kumbukirani kuti nthawi zina kunyezimirako ndiko chithunzi chenichenicho. Galasi lililonse limapotoza nyumba yoyandikana nayo mwanjira yake, ndipo dzuwa lobwezedwa ndi magalasi limagwera pa khoma la mumthunzi kutsidya la msewu. Tembenukani muyang'ane kumbuyo kwanu.

Wa ku Ndirande:
Chenjezo pa malata ndi mizere yothinana. Mukaijambula muli patali, nthawi zina pamatuluka mafunde amitundumitundu omwe kunalibe, ngati amene mumaona mukapinda neti ya udzudzu pawiri. Dzina lake ndi moiré, imabwera mizere ikathinana kufanana ndi timadontho ta sensa. Kuzani chithunzi pa sikirini kufika 100% mukadali pomwepo. Mukaiona, sunthani mapazi awiri kapena sinthani zoom pang'ono n'kujambulanso. Kuichotsa pa kompyuta n'kovuta.

Usiku, mababu ambiri amaphethira ka 100 pa sekondi chifukwa magetsi a ESCOM ndi a 50Hz. Shutter yothamanga, makamaka ya electronic, imatulutsa mikwingwirima. Gwiritsani 1/50 kapena 1/100, kapena ikani pa tripod mupite pa sekondi imodzi ndi ISO 100.

Mtsikana wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse. Funso lomaliza: posintha kukhala chakuda ndi choyera, ndingadetse mthunzi mpaka pati osakhala kuti ndikunama?

Wa situdiyo ku Limbe:
Ichi si chithunzi cha nyuzipepala, mwana wanga, muli ndi ufulu. Wojambula Fan Ho wa ku Hong Kong, chithunzi chake chotchuka cha 1954 cha mayi ataima pa khoma lalitali, mthunzi wodula khomalo anauwonjezera yekha potsuka chithunzicho. Chofunika n'chakuti mukafunsidwa munene zoona, ndipo pa mpikisano mutsatire malamulo ake.

Kachitidwe: musangochotsa Saturation. Gwiritsani B&W mix momwe mtundu uliwonse uli ndi chokokera chake, kapena fyuluta yofiira mu Black & White ya Snapseed. Mukatsitsa buluu thambo limada, komanso mithunzi imada chifukwa kuwala kwa mumthunzi kumachokera ku thambo. Mukakweza kufiira ndi olenji njerwa zimawala. Kenako Curves: kokerani pansi mbali ya mdima, ya kuwala muikweze pang'ono. Clarity kapena Structure musapyoze, onani malire a denga ndi thambo, pakatuluka kamzere koyera bwererani.

Mayi wa ku Area 47:
Apa ine ndimasiyana ndi bambo pang'ono. Mthunzi wakuda bii ndi wabwino ukakhala waung'ono. Ukatenga theka la chithunzi, siyanimo kachizindikiro ka njerwa kooneka patalipatali, apo ayi umaoneka ngati pepala lakuda lomatidwapo. Ndipo jambulani RAW, fayilo yosunga zonse zimene sensa yalandira, ngati kamera kapena foni ikulola. JPEG ili ndi masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, mukaikoka kwambiri thambo limasweka kukhala mizeremizere. RAW ya 12-bit ili ndi 4096. Kudetsa buluu mopyoza kumabweretsanso timchenga pa thambo, ndiye kuzani muone.

Musafulumirenso kutaya mitundu. Khoma lachikasu, chitseko chobiriwira ndi mthunzi wabuluu nthawi zina n'zokwanira. White balance, yolinganiza mitundu ndi mtundu wa kuwala, ikhale pa Daylight, osati Auto, kuti isasinthesinthe pakati pa chithunzi ndi chinzake.

Wa ku Mzuzu:
Posindikiza, pepala limada kuposa sikirini chifukwa sikirini imawala yokha. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika chapakati musanayambe kukonza, ndipo yesani kaye kakang'ono ka 4x6 musanalipire chachikulu. A4 pa 300 dpi (timadontho pa inchi) imafuna timadontho 2480 x 3508, ndiye amene mumadula kwambiri muwerengere zimenezo. Pepala la matte limatuwitsa kuda, la gloss kapena lustre limakusunga.

Woyang'anira gulu:
Zikomo nonse. Ntchito yake nayi. Aliyense asankhe khoma limodzi pafupi ndi kwawo kapena kuntchito, aone ndi kampasi ya pa foni komwe layang'ana. Mulijambule mutaima pamalo amodzimodzi 7:00, 9:00, 11:00, 13:00 ndi 16:00, osasintha lenzi. Amene muli ndi bandulo, pulogalamu ya SunCalc imaonetsa komwe dzuwa lidzakhale pa ola lililonse, muyerekeze ndi zimene mwaona. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, chifukwa njira wamba imafinya chithunzi n'kuswa thambo ndi mithunzi. Lembani pansi pake komwe khoma layang'ana, nthawi, ISO, f ndi shutter. Zifike pofika Lamlungu madzulo, ndipo khoma lomwelo tidzalibwereza sabata yoyamba ya Novembala.

Mphunzitsi wa sayansi ku Zomba:
Kampasi ya foni imasokonezeka pafupi ndi zitsulo, geti kapena galimoto. Imani patali mamita angapo poyeza, ndipo ikani choko kapena kamwala pomwe mwaponda kuti pobwerera mupeze malo omwewo.